Mawu asadumphe: ntchito zomwe wophunzira angagwire pa FFmpeg

Munthu amatha kuonera kanema wosaoneka bwino mpaka kumapeto, bola nkhani yake ikumusangalatsa. Koma mawu akangoyamba kudukaduka, kapena milomo ikamagwedera mawu n'kumafika mochedwa, sapirira ngakhale mphindi ziwiri. Ndagwira ntchito ya mapulogalamu a mawu kwa zaka zambiri, ndipo chimene chimandidabwitsa n'chakuti ophunzira ofuna kulowa m'mapulojekiti a khodi yapoyera amathamangira ku zithunzi pafupifupi onse. Za mawu amaziona ngati nkhani yomwe inatha kalekale. Sinathe ayi.

Mukatsegula kanema pa VLC kapena pa Chrome, pansi pake pamagwira ntchito mapulogalamu ena omwe simuwaona. Otchuka kwambiri ndi a FFmpeg, pulojekiti yomwe Fabrice Bellard anayambitsa m'chaka cha 2000. Inzake ndi GStreamer, yomwe imagwiritsidwa ntchito kwambiri pa makompyuta a Linux ndi m'zipangizo zing'onozing'ono. Ntchito yawo ndi kutsegula fayilo, kulekanitsa mawu ndi zithunzi, kufutukula zomwe zinapanikizidwa kuti fayilo ichepe, kuzidutsitsa m'masefa osiyanasiyana, kenako kuzitumiza ku sipika kapena kuzipanikizanso. Khodi yake aliyense angathe kuiwerenga, kuikonza ndi kutumiza zokonza zake kuti eni pulojekiti aziunike.

Ambiri amalowera pa khomo la Google Summer of Code, lomwe linatsegulidwa mu 2005. Google imalipira wophunzira, ndipo pulojekiti imapereka mlangizi. Kuyambira 2022 khomoli linakulitsidwa, moti aliyense wa zaka 18 kupita m'tsogolo amene ndi watsopano pa ntchitozi angathe kufunsira, ngakhale asali pa sukulu. Ntchito zake zilipo za maola pafupifupi 90, za 175 ndi za 350. Maola 350 amamveka ambiri, koma mukawagawa ndi maola 40 pa sabata sakwana masabata 9. A FFmpeg amayambanso akupatsani kantchito koyesera, kuti aone ngati mungathe kumanga khodi yawo, kuikonza ndi kupirira ndemanga zawo, zomwe kawirikawiri sizikhala zonyengerera.

Loto la wophunzira aliyense ndi kupanga kodeki yakeyake, njira yatsopano yopanikizira mawu. Ndimawaletsa. Opus, yomwe imanyamula mawu a anthu ambiri oimbirana pa intaneti, inakhazikitsidwa mu 2012 pophatikiza ntchito ziwiri, SILK ya Skype ndi CELT ya Xiph.Org, ndipo akatswiri anathera zaka pa iliyonse. Chotheka ndi kukonza encoder yomwe ilipo kale, kutanthauza gawo lomwe limapanikiza mawuwo. Mu 2015 wophunzira wina anagwira ntchito pa encoder ya mu FFmpeg ya AAC (kodeki yofala ya nyimbo ndi makanema), yomwe kwa nthawi yaitali inali ndi chizindikiro choti ndi yoyeserera chabe. Pomwe FFmpeg 3.0 inkatuluka kumayambiriro kwa 2016, chizindikirocho chinali chitachotsedwa. Mpata wofanana ulipo pa encoder ya Opus yomwe a FFmpeg analemba okha. Imadziwa mbali ya CELT yokha, ndipo anthu ofuna mawu abwino amagwiritsabe ntchito libopus, yolembedwa ndi eni Opus kunja kwa FFmpeg.

Koma ntchito imeneyi si ya aliyense. Encoder yabwino imadalira kudziwa zomwe khutu silimva. Galimoto yaikulu ikamadutsa simumva munthu wonong'ona pambali panu, ndipo encoder imadyerera pomwepo: imataya timawu tomwe taphimbidwa ndi mawu aakulu oyandikana nato. Kusankha choti chitayidwe pa kachigawo kalikonse ka nyimbo ndi masamu ndithu, koma ndi luso la khutu panthawi yomweyo. Mungakonze kamvekedwe ka gitala n'kuwononga kuwomba m'manja, chifukwa mawu odzidzimutsa ngati amenewo amamwazikira kumbuyo, n'kumveka kaphokoso kofooka asanafike enieniwo.

Ntchito yomwe ine ndimaikonda kuposa zonse ilibe ulemerero uliwonse, ndipo ndi chifukwa chake ikadalipo. Ndi nkhani ya timipata.

Kompyuta imasunga mawu ngati timiyeso tambirimbiri, tomwe akatswiri amati ma sample. Pa CD timakhala 44,100 pa sekondi, m'makanema kawirikawiri 48,000. Makodeki ngati AAC sagwira kamuyeso kamodzikamodzi. Amatenga mtolo wa 1,024 nthawi imodzi, ndipo mtolo uliwonse umalowererana ndi wapambuyo pake. Woyambirira ulibe wapambuyo, choncho encoder imaika timiyeso topanda kanthu kutsogolo kwa nyimbo. Ya FFmpeg imaika 1,024. Ya Apple imaika 2,112. MP3 yopangidwa ndi encoder ya LAME imachedwa ndi 1,105 mukaphatikiza kuchedwa kopanikiza ndi kofutukula. Opus nthawi zambiri imafuna kuti mudumphe 312. Kumapeto nakonso kumawonjezedwa timiyeso topanda kanthu kuti mtolo womaliza udzaze.

Zonsezi sizikanavuta akanakhala kuti malo olembapo nambalayi ndi amodzi. Koma mtundu uliwonse wa fayilo yosungiramo mawu, yomwe timati chotengera, uli ndi njira yake. MP4 ili ndi kandandanda kouza pulogalamu poyambira kusewera, ndipo Apple inawonjezeranso kachizindikiro kake kotchedwa iTunSMPB. MP3 imabisa nambalayi m'mtolo woyamba. Ogg imawerengera mwa njira yake, Matroska nayo mwa njira ina. Mukasamutsa mawu kuchoka m'chotengera china kupita m'china, nambalayi ingathe kutayika panjira, kuwerengedwa kawiri, kapena kuzunguliridwa molakwika.

Zotsatira zake mwina munazimvapo osadziwa gwero lake. Chimbale chojambulidwa pa konsati, chomwe nyimbo zake zimayenera kulowana popanda kupuma, chimamveka kudukiza pakati pa nyimbo ndi nyimbo. Pa kanema vuto limakula. Timiyeso 2,112 pa 44,100 ndi mamilisekondi pafupifupi 48. Bungwe la ITU, loona za kulumikizana pa dziko lonse, m'malangizo ake a BT.1359, limati anthu amayamba kuzindikira kusagwirizana mawu akatsogola chithunzi ndi mamilisekondi 45, kapena akachedwa ndi 125. Kusiyana kwa nambala ziwirizi n'komveka: m'moyo tinazolowera kuona kaye, kumva pambuyo, monga mphezi ndi bingu, koma mawu otsogola ubongo umawakana msanga. Ndiye pulogalamu ikadula timiyeso 2,112 pomwe sipanafunike, mawu atsogola mpaka kufika pa malire aja. Ikalephera kudula, kamodzi sizimveka, koma kanema amene wapanikizidwa katatu motero wachedwa ndi 144, ndipo aliyense aona kuti milomo ikunama.

Wophunzira angathe kumanga chida choyesera kodeki iliyonse m'chotengera chilichonse, kulemba pomwe pali cholakwa, n'kuyamba kukonza chimodzichimodzi. Ubwino wake ndi wakuti yankho ndi nambala. Palibe kukangana za kukoma kwa mawu. Ngakhale nthawi itamuthera atakonza zinthu zitatu zokha, zitatuzo zilowa mu FATE, mndandanda wa mayeso omwe FFmpeg imadziyesa nawo pa makompyuta amitundumitundu, ndipo wina akadzaziwononganso mawa zidzaonekera pomwepo.

Mnzake wa vutoli ndi mawotchi. Maikolofoni ili ndi kawotchi kake, kamera ili ndi kake, ndipo palibe tiwiri toyenda mofanana ndendende. Kusiyana kwa gawo limodzi pa 10,000 kumabala masekondi 0.36 pa ola. Pa kanema waufupi palibe angadandaule, koma pa msonkhano wowulutsidwa kwa maola atatu mawu atsalira kuposa sekondi. Njira yachidule ndi kutaya kapena kubwereza timiyeso, ndipo izi zimamveka ngati kathetheka. Njira yabwino ndi kutambasula mawu pang'onopang'ono mosamveka, pogwiritsa ntchito masamu omwewo osinthira 44,100 kukhala 48,000, pomwe timiyeso 147 tilitonse timasanduka 160. FFmpeg ndi GStreamer zonse zili ndi njira zochitira zimenezi. Kuziyesa pa zipangizo zenizeni kwa maola ambiri n'kukonza pomwe zikupunthwa ndi ntchito yokwanira maola 175.

Kenako pali kukwera ndi kutsika kwa mawu, kuja kumakuchititsani kuthamangira rimoti malonda akayamba. Kale anthu ankayeza nsonga yokha ya mawu, pomwe akwera kwambiri, koma nsonga siikuuzani mmene khutu likumvera kukula kwake. ITU inatulutsa muyeso wa BS.1770 mu 2006, ndipo mu 2010 mgwirizano wa nyumba zoulutsira mawu za ku Ulaya, EBU, unamanga pamenepo malangizo a R128, oti mapulogalamu a wailesi ndi TV azikhala pa -23 LUFS, muyeso wa kukwera kwa mawu monga khutu limamvera. FFmpeg ili ndi sefa yoyezera ya ebur128 ndi yokonzera ya loudnorm. Yachiwiriyi imagwira bwino mukaidutsitsa kawiri, ulendo woyamba kuyeza, wachiwiri kukonza. Pa zowulutsa zamoyo ulendo wachiwiri kulibe, choncho sefa imalosera, ndipo nthawi zina imakweza kaphokoso ka m'chipinda wolankhula akangopuma. Imakwezanso timiyeso kufika 192,000 pa sekondi kuti ione nsonga zobisika, zomwe zadabwitsa anthu ambiri atapeza fayilo yawo yatupa. Wophunzira amene angapange sefa yozindikira kuti apa munthu akulankhula, apa wangopuma, osachedwetsa mawu kwambiri, athandiza aliyense wojambula nkhani zomvera.

Pano ndiike chenjezo lomwe ndinaliphunzira mochititsa manyazi. Tsiku lina ndinathera madzulo onse ndikusangalala kuti sefa yanga yakometsa mawu, kufikira mnzanga atayeza n'kupeza kuti inangowakweza pang'ono. Khutu limakonda chokwera, ndipo limakonda chomwe mwini wake wachivutikira. N'chifukwa chake pali mayeso a ABX, pomwe mumamva mawu awiri odziwika ndi achitatu obisika n'kunena kuti achitatuwo ndi ati, komanso a MUSHRA, pomwe omvera amapereka malikisi osadziwa chomwe akumva. Pulani ya ntchito yomwe sikutchula mmene mawu adzayesedwere, ine sindiiwerenga mpaka kumapeto.

Zochotsa phokoso ndi nzeru za makina ndizo zili m'fasho. Jean-Marc Valin anaonetsa mu 2017, ndi RNNoise, kuti kamodelo kakang'ono kangathe kuyeretsa mawu a munthu pa kompyuta yofooka, ndipo FFmpeg ili ndi sefa ya arnndn yomangidwa pa ganizo lomwelo. Opus 1.5 ya mu 2024 imagwiritsa ntchito njira zoterezi kudzaza mawu otayika intaneti ikadukiza. Malo ogwira alipo, koma funsani kaye mafunso awiri: mawu ophunzitsira modelo muwatenga kuti, ndipo chilolezo chawo chikugwirizana ndi cha pulojekiti? Ambiri amagwera pomwepa, osati pa khodi.

Mawu ozungulira mutu nawo akubwerera. Ganizo la Ambisonics, lomwe Michael Gerzon analimbikitsa m'zaka za m'ma 1970, linadzuka chifukwa cha makanema ozungulira ndi mahedifoni. FFmpeg 7.0 ya mu 2024 inayamba kuwerenga ndi kulemba IAMF, njira yatsopano yosungira mawu otere, ndipo ili ndi sefa ya sofalizer yomwe imanamiza makutu awiri kuti mawu akuchokera kumbuyo kapena pamwamba. Chatsopano chilichonse chimakhala ndi mipata, kotero wofuna zosangalatsa apite kumeneko.

Kwa amene sakonda kumvetsera koma amakonda liwiro, masefa ndi makodeki ambiri amafunika kulembedwanso m'chilankhulo cha purosesa yeniyeni, makamaka ya ARM ndi RISC-V, ndipo chida cha checkasm chimaonetsa ngati khodi yatsopano ikupereka yankho lofanana ndi yakale komanso yafulumira bwanji. Pa foni, liwirolo limasanduka batire lokhalitsa. Palinso mafayilo owonongedwa dala omwe makina a OSS-Fuzz amaponyera FFmpeg usana ndi usiku pofufuza pomwe ingagwe. Kukonza chimodzi mwa zimenezo ndi njira yabwino yodziwikira kwa alangizi musanafunsire n'komwe.

Ngati mukufuna kuyamba lero, pangani fayilo ya WAV, ya mawu osapanikizidwa, ya masekondi awiri pa timiyeso 48,000 pa sekondi, yachete yonse kupatula kamuyeso kamodzi kokwera kwambiri pa nambala 48,000. Ipanikizeni ndi AAC ya FFmpeg, muiike mu MP4, muifutukulenso, n'kufufuza pomwe nsonga yagwera. Idzakhala itamwazika pang'ono, koma pakati pake payenera kukhala pa 48,000. Mukaisunga ngati AAC yopanda chotengera, ya mtundu wa ADTS, muipeza pa 49,024, chifukwa mtundu umenewo ulibe polemba kuchedwa kuja. Bwerezani ndi MP3, Opus ndi Vorbis, musamutse iliyonse kupita mu Matroska ndi kubwerera, mudule pakati, mulumikize mafayilo awiri, ndipo nambala iliyonse muilembe pa tebulo limodzi ndi lamulo lomwe munagwiritsa ntchito ndi mtundu wa FFmpeg womwe munali nawo. Pomwe patuluke nambala yomwe simungathe kuifotokoza, tumizani tebulolo kwa alangizi pamodzi ndi fayilo yake.