Pangano la Versailles la 1919: mafunso ndi mayankho

Novembala akafika timaona akuluakulu atavala maluwa ofiira pachifuwa, nkhata zikuikidwa pa chipilala cha asilikali ku Zomba. Ambiri timadziwa kuti mwambowu unayamba ndi nkhondo yoyamba ya padziko lonse, imene agogo ankaitcha Nkhondo ya Chiwaya. Koma zimene anagwirizana mfuti zitaleka kulira, ndi ochepa amene amazitsata.

Kodi nkhondo inatha mu 1918 kapena mu 1919?

Kuwomberana kunaleka pa 11 Novembala 1918, nthawi ya 11 koloko m'mawa, atasainirana m'bogi ya sitima yapamtunda m'nkhalango ya Compiègne ku France. Kuno uthengawo unafika mochedwa. Mkulu wa asilikali a Germany kum'mawa kwa Africa, Paul von Lettow-Vorbeck, anaumva ali cha ku mtsinje wa Chambeshi m'dziko limene lero ndi Zambia, ndipo anakatula zida pa 25 Novembala ku Abercorn, kumene pano timati Mbala. Pangano lenileni la mtendere analisaina pa 28 Juni 1919 m'chipinda cha magalasi cha m'nyumba yachifumu ku Versailles, pafupi ndi Paris. Linayamba kugwira ntchito pa 10 Januwale 1920.

Analilemba ndani?

Msonkhano unatsegulidwa ku Paris pa 18 Januwale 1919. Maiko anabwera ambiri, koma eni mawu anali Georges Clemenceau wa ku France, David Lloyd George wa ku Britain ndi Woodrow Wilson wa ku America. Germany sanapatsidwe mpando. Pa 7 Meyi anangomutambasulira chikalata cholembalemba, n'kumuuza kuti ngati ali ndi chonena achite kulemba. Apa ine ndimaona kuti mpamene zinthu zinayambira kupotoka. Pabwalo la mfumu, ngakhale wogwidwa ndi mbuzi m'manja amamulola kuyankhula asanamugamule.

Germany analandidwa chiyani?

Chigawo cha Alsace-Lorraine chinabwerera ku France. Kum'mawa malo aakulu anapita ku Poland, mzinda wa Danzig n'kuuimika paokha. Migodi ya malasha ya ku Saar anapatsa France. Asilikali a pamtunda anati asapitirire 100,000. Ndege zankhondo, akasinja ndi sitima zoyenda pansi pa madzi analetseratu. M'chigawo cha Rhineland munali mosaloledwa msilikali wa Germany.

Nanga ndime 231 imene imatchukayi imati chiyani?

Imati Germany ndi anzake akuvomera kuti ndi iwo anadzetsa chionongeko chimene maiko opambana anakumana nacho. Olemba ankafuna poimira kuti alipiritse chindapusa. Ajeremani anaimva mwina: kuti awasenzetsa mlandu wonse wa nkhondo okha.

Kuchuluka kwa ndalamazo sanakulembe m'panganomo. Anadzakutchula mu 1921: mabiliyoni 132 a ndalama ya mark ya golide. Germany atayamba kuzengereza, France ndi Belgium analowetsa asilikali ku Ruhr mu 1923, kumene kuli mafakitale ndi malasha. Boma la Germany linasindikiza ndalama mosaleka kuti lilipire antchito amene ankanyanyala, mpaka mtengo wa buledi unkasintha munthu ali pamzere. Ngongoleyo anaikonzanso mu 1924 ndi mu 1929, kenako mu 1932 anasiya kuitolera. Zotsalira za ngongole zimene Germany anatenga pofuna kulipira chindapusacho anamaliza kubweza mu Okutobala 2010.

Maiko a mu Africa amene Germany ankalamulira anapatsidwa ufulu?

Ayi. Ndime 119 inachotsa Germany m'maiko onse amene anali nawo kunja, ndipo ndime 22 inawaika m'manja mwa bungwe latsopano la mgwirizano wa maiko, la League of Nations. Bungwelo linawapereka kwa maiko opambana kuti "awalere", ati eni nthaka anali asanakhwime moti n'kudziimira paokha. Wolera ankayenera kupereka lipoti chaka ndi chaka, kuletsa malonda a akapolo ndiponso kusamanga malinga a nkhondo. Papepala zinali zosiyana ndi utsamunda. Kwa munthu wokhoma msonkho, chinasintha chinali mbendera ndi chiyankhulo cha bwana.

Kugawana kunayenda motere: Tanganyika kwa Britain, Rwanda ndi Burundi kwa Belgium, Namibia ya lero kwa South Africa, Togo ndi Cameroon anadulirana Britain ndi France. Portugal anatola kachigawo ka Kionga pafupi ndi pamene mtsinje wa Ruvuma umathirira m'nyanja yamchere, kamene lero kali mu Mozambique. Kwa anthu a ku Karonga, kumene kunamenyedwa nkhondo mu Seputembala 1914, zinatanthauza kuti tsidya la Songwe kulibenso Mjeremani. Amuna a tengatenga amene anasenza ufa ndi zipolopolo mpaka ena kufera m'njira, palibe anawafunsa kanthu.

America anasaina?

Wilson anasaina, koma nyumba ya malamulo ya Senate inakana kuvomereza. Dziko limene linayambitsa ganizo la League of Nations silinalowemo.

Ndi zoona kuti m'panganomo muli nkhani ya chigaza?

Ndi zoona. Ndime 246 inalamula Germany kuti pasanathe miyezi isanu ndi umodzi apereke kwa Britain chigaza cha Mkwawa, mfumu ya Ahehe a ku Tanganyika imene inalimbana ndi Ajeremani mpaka kudzipha mu 1898 pokana kugwidwa. Ajeremani anati sakuchipeza. Bwanamkubwa wa Tanganyika, Edward Twining, ndiye anadzapita ku Bremen ku Germany n'kusankha chimodzi pa zigaza zimene zinali m'nyumba yosungiramo zakale. Chinafika kwa Ahehe mu 1954, ndipo chimasungidwa ku Kalenga, pafupi ndi Iringa.