Kutsutsa ndalama zapadera zimene mwininyumba amalipiritsa ku England

Munthu akalandira kalata yochokera kwa mwininyumba yomuuza kuti alipire, tinene mapaundi 150, chifukwa choti amulembera chikumbutso cha ngongole kapena amulola kusintha mawindo a fulati yake, kawirikawiri amangolipira poopa kuti angataye nyumba. Pa ntchito yanga yolangiza anthu za malamulo a nyumba, zimandipweteka kuona kuti ambiri sadziwa kuti lamulo linawapatsa mphamvu yofunsa ngati ndalamayo ndi yoyeneradi.

Ndikunena makamaka za amene anagula fulati pa mgwirizano wa lizi wa zaka zambiri, monga 99 kapena 125, koma nthaka ndi nyumba yonse zikadali za mwini wake. Anthu otere amatetezedwa ndi lamulo la Commonhold and Leasehold Reform Act la mu 2002, lomwe limakhudza ndalama zolipiritsa popereka chilolezo, popereka zikalata, pochedwa kulipira, komanso pamene mwininyumba akuti mwaphwanya mgwirizano.

Musanakangane za kuchuluka kwa ndalama, tsegulani mgwirizano wanu n'kufufuza ndime imene ikumuloleza mwininyumba kulipiritsa chinthucho. Apa ndi pamene milandu yambiri imathera, pakuti ngati ndime yotero palibe, nthawi zambiri palibenso maziko oti akuumirizeni. Mulembereni mwaulemu kuti akusonyezeni ndimeyo, ndipo alongosole ntchito imene inagwiridwa, amene anaigwira ndi nthawi imene inatenga. Ndimeyo ikakhalapo koma yosatchula mtengo, lamulo limati mulipire pokhapokha pa mlingo woyenera. Kalata yamizere itatu yotuluka mu kompyuta singafanane mtengo ndi ntchito ya loya amene wawerenga mapulani a nyumba tsiku lathunthu. Kalata yoitanitsa ndalamayo iyeneranso kubwera limodzi ndi chikalata chofotokoza mwachidule ufulu ndi udindo wanu, ndipo ngati chikalatacho sichinabwere, muli ndi ufulu woyamba mwaimitsa kulipira kufikira atachitumiza.

Mukalephera kumvana, nkhani imapita ku bwalo lotchedwa First-tier Tribunal, nthambi yake yoona za malo ndi nyumba, ndipo simukakamizidwa kukhala ndi loya. Chimene ndimalangiza kwambiri ndi ichi: kulipira pakokha sikutanthauza kuti mwavomereza. Mukhoza kulipira kuti chiwongoladzanja ndi makalata a maloya asachuluke, koma lembani momveka kuti mwalipira musakugwirizana nazo ndipo mukasuma. Chimene chimatseka khomo la bwalo ndi kuvomereza kuti ndalamayo ndi yoyenera, choncho samalani ndi mawu amene mulemba pa imelo mutatopa ndi mkangano. Pemphaninso bwalolo kuti lichepetse kapena lichotse ndalama za maloya zimene mwininyumba angafune kukusenzetsani pa mlandu womwewo, chifukwa kopanda pempho limeneli munthu akhoza kupambana pa mapaundi 100 n'kudzalandira bilu yoposa pamenepo. Za mantha otaya fulati, mwininyumba sangathetse lizi chifukwa cha ngongole yosapitirira mapaundi 350, pokhapokha ngati mbali ina ya ngongoleyo yakhala zaka zoposa 3.

Kwa amene amachita lendi yolipira mwezi ndi mwezi, nkhani ndi yachidule. Kuyambira pa 1 June 2019, lamulo la Tenant Fees Act linaletsa ndalama zambiri zotere, kuphatikizapo zolembera mgwirizano ndi zofufuzira mbiri ya wolowa m'nyumba. Kusintha mgwirizano pa pempho lanu sikuyenera kupitirira mapaundi 50, kupatula ngati mwininyumba asonyeza umboni woti wawononga zoposa pamenepo, ndipo chiwongoladzanja pa lendi yochedwa chimaloledwa pokhapokha patapita masiku 14. Amene analipiritsidwa ndalama yoletsedwa akhoza kukadandaula ku khonsolo ya dera lake kapena kupempha bwalo lomwe lija kuti lilamule mwininyumba kubweza.