Lupanga lakale si mphika woti ukwechedwe mbee

Ambiri akapeza lupanga lakale la mkulu wa asilikali apakavalo amathamangira sandipepa ndi Brasso (mankhwala owalitsira zitsulo), poganiza kuti likawala ndiye mtengo ukwera. Ayi ndithu, kumeneko ndi kulipha.

Taonani malupanga a akuluakulu a asilikali apakavalo a ku Britain a mtundu wa 1796. Ambiri anakongoletsedwa ndi golide komanso mtundu wabuluu, umene unkabwera potenthetsa chitsulocho pamoto. Ubuluuwo ndi wopyapyala zedi, ndipo ukangochoka subwereranso mmene unalili. Pa lupanga lamphatso, mawu olembedwa pachitsulo, monga dzina la wolandira, gulu lake ndi chaka, ndiwo amalipatsa ulemerero. Mukawafafaniza mwatsala ndi chitsulo wamba. Kampani ya Wilkinson inayamba kudinda manambala kumsana kwa malupanga ake mu 1854, ndipo nambala imeneyo ndiyo ingakufikitseni kwa amene analigula koyamba.

Madontho akuda amene mungawaone palupangalo asiyeni, sakudya chitsulo. Loopsa ndi dzimbiri lofiira lofumbutuka. Pakanipo mafuta opepuka a makina, dikirani tsiku limodzi, kenako pukutani mofatsa ndi kansalu kofewa. Mafutawo asafike pachogwirira, makamaka ngati chinakutidwa ndi khungu la nsomba. Pakauma, pakani phula lochepa kwambiri la Renaissance Wax.

Musaligwire ndi manja opanda magolovesi, chifukwa mchere wa m'thukuta umadinda zala zanu pachitsulo. Musalisiyenso miyezi yambiri m'chimake chachikopa, pakuti chikopa chimasunga chinyezi, makamaka nyengo yadzinja.