Mphindi zimene zimalamula njira za ndege pamwamba pa nyanja

Ndege yochoka ku Sydney kupita ku Santiago, kapena ku Johannesburg, siyenda mowongoka monga mmene mapu a pakhoma amaonetsera. Imakhotera kum'mwera kwambiri, moti masiku ena okwera amaona madzi oundana a kufupi ndi Antarctica. Chifukwa chake n'chakuti dziko ndi lozungulira: mukakoka ulusi pa mpira kuchoka pamalo ena kufika pena, umadutsa njira yaifupi kwambiri, koma njirayo ikajambulidwa papepala imaoneka yokhota. Mphepo zamphamvu za m'mwamba nazo zimasuntha njirayi tsiku ndi tsiku.

Koma ife okonza maulendo a ndege, funso limene limatidya mutu si la kutalika kwa ulendo. Timafunsa kuti: pamalo alionse m'njiramo, injini imodzi itazima, padzatenga mphindi zingati kuti ndege ifike pabwalo limene ingatere?

Mu 1953 bungwe loyang'anira za ndege ku America linakhazikitsa lamulo loti ndege ya injini ziwiri isatalikire bwalo kupitirira mphindi 60. Injini za nthawi imeneyo zinkazima kawirikawiri, choncho nyanja zikuluzikulu zinasiyidwira ndege za injini zitatu kapena zinayi. Injini za jeti zitaonetsa kuti n'zodalirika, malamulo otchedwa ETOPS, onena za mphindi zimene ndege ya injini ziwiri ingatalikire bwalo, anayamba kufewetsa malirewo. Mu 1985 kampani ya TWA inaulutsa Boeing 767 kuchoka ku Boston kupita ku Paris pa chilolezo cha mphindi 120. Mu 1988 malire anafika pa 180. Lero Boeing 777 ndi 787 zikhoza kuloledwa mphindi 330, pomwe Airbus A350 inapatsidwa 370 mu 2014, kutanthauza maola asanu ndi limodzi ndi mphindi khumi pa injini imodzi. Chilolezo chotere n'chimene chinathandiza Air New Zealand kutsegula njira ya Auckland ndi Buenos Aires mu 2015 ndi ndege ya injini ziwiri.

Pokonza ulendo timajambula mizere yozungulira bwalo lililonse loti ndege ingathawireko, ndipo njira yonse iyenera kukhala mkati mwa mizereyo. N'chifukwa chake tizilumba tina tosatchuka tili ndi ntchito yaikulu: Easter Island, Midway, Wake, ndi Terceira ku Azores, kumene kuli bwalo la Lajes. Kukhalapo kwa bwalo pakokha sikukwanira. Liyenera kukhala lotsegula pa ola limene ndege ingafikepo, nyengo yake ikhale yoti n'kutera, msewu wake ukhale wautali mokwanira, komanso pakhale ozimitsa moto. Chifunga chikaphimba kachilumba kamodzi, njira yonse ya tsikulo imasintha.

Anthu ambiri amaopa injini, koma kunena zoona injini si imene imatisowetsa tulo. Ndege ya masiku ano imauluka bwinobwino ndi injini imodzi. Zovuta kwambiri ndi ziwiri. Choyamba ndi kutha kwa mpweya m'chipinda cha okwera. Zikatero, woyendetsa amayenera kutsika msanga kufika pa mamita pafupifupi 3,000 kuti anthu azipuma bwino, ndipo m'munsimo ndege imamwa mafuta ochuluka zedi kuposa kumwamba. Choncho timawerengera mafuta ngati kuti zimenezi zachitika pamalo oipitsitsa, pomwe kubwerera ndi kupitirira zimatenga nthawi yofanana, kenaka n'kuwonjezera a mphepo yosayembekezereka ndi a kuzungulira podikira kutera. Chachiwiri ndi moto m'chipinda cha katundu. Mabotolo a mpweya wozimitsa moto ayenera kugwira motowo kwa nthawi yonse yothawira, ndi mphindi zina zapamwamba. Nthawi zambiri kukula kwa mabotolo amenewa ndiye kumadula malire a ndege, osati injini ayi. Apa m'pamene malangizo oti mabatire a lithium apadera asaikidwe m'chikwama chopita kunsi amachokera, ndipo ine ndimaona kuti okwera amawapeputsa kwambiri.

Ngakhale pansi pali malamulo ake. Makaniko mmodzi saloledwa kugwira ntchito yofanana pa injini zonse ziwiri nthawi imodzi popanda wina wotsimikizira, kuopa kuti akalakwitsa pa imodzi alakwitsanso pa inzake. Oyilo amene injini iliyonse yamwa amalembedwa ulendo ndi ulendo.

Phindu la tizilumba tija linaoneka mu Ogasiti 2001. Airbus A330 ya Air Transat, yochoka ku Toronto kupita ku Lisbon, inatayikitsa mafuta chifukwa cha paipi yong'ambika mpaka injini zonse zinazima. Inayandama mumlengalenga popanda injini n'kukatera ku Lajes, ndipo anthu onse 306 anapulumuka.

Nkhani ina ndi yoti ndani amaiona ndege ikakhala pakati pa nyanja. Radar ya pamtunda imalekezera pa makilomita pafupifupi 400. Kwa zaka zambiri oyendetsa ankangonena pomwe ali kudzera pa wailesi ya HF, yaphokoso ndi yovuta kumva. Pano mauthenga ambiri amalembedwa n'kudutsa pa setilaiti, ndipo kuyambira 2019 oyang'anira ndege za kumpoto kwa Atlantic amaziona kudzera pa zizindikiro zimene ndegezo zimatumiza kumasetilaiti. Ngozi ya Air France 447 mu 2009, imene makina ake ojambulira ulendo anapezeka patapita zaka ziwiri, ndi kusowa kwa ndege ya Malaysia Airlines MH370 mu 2014, ndizo zinakankha bungwe la ICAO, loona za ndege padziko lonse, kulamula kuti makampani azidziwa pomwe ndege yawo ili pamwamba pa nyanja mphindi 15 zilizonse.