Wakuphayo Munamuona, Koma Maso Anu Anali Kwina

Ntchito yanga ndi yodula ndi kulumikiza zithunzi za mafilimu. Achinyamata akabwera kudzaphunzira ntchitoyi, tsiku loyamba sindiwagwiritsa kompyuta. Ndimawakhazika pansi n'kuwaonetsa kachigawo kakafupi ka Profondo rosso, filimu ya ku Italy ya mu 1975 yomwe anakonza Dario Argento.

Mafilimu a mtundu umenewu amatchedwa giallo, kutanthauza mtundu wachikasu. Dzinali linachokera ku timabuku ta nkhani za kuphana tomwe kampani ya ku Italy ya Mondadori inayamba kusindikiza mu 1929, tonse tachikuto chachikasu. Mario Bava, wokonza mafilimu wina wa ku Italy, ndiye anatsegula njira mu 1963 ndi 1964, Argento n'kudzaikuza kuyambira mu 1970. Chizindikiro chake chachikulu ndi chigawenga chosaoneka nkhope, chovala magolovesi akuda achikopa. M'mafilimu a Argento, manja amene mumawaona m'magolovesimo nthawi zambiri amakhala a iye mwini.

Kachigawo kaja kali chonchi. Marcus Daly, woyimba piyano wochokera ku England, yemwe mbali yake anasewera David Hemmings, ali pabwalo usiku. Bwaloli ndi Piazza CLN ya mumzinda wa Turin ku Italy. Akukweza maso n'kuona mayi wina akukhapidwa pawindo la nyumba yosanja. Akuthamanga kukwera masitepe, akulowa m'nyumbamo, akudutsa mukolido yaitali yomwe makoma ake adzaza zithunzi zojambula pamanja za nkhope zotuwa. Apolisi atafika, mtima wake sukukhazikika. Akuti chithunzi chimodzi chomwe anachiona polowa chasowa. Funso limeneli limamuzunguza mutu mpaka kumapeto kwa filimu.

Palibe chithunzi chinasowa. Chimene anaona chinali kalilole, ndipo nkhope yomwe inali mmenemo inali ya wakuphayo, ataima phee pakati pa nkhope zojambulidwa. Dzina lake sinditchula. Chomwe chimandigwira mtima n'chakuti Argento sananamize munthu. Nkhopeyo ilipodi pakanema, aliyense woonera amaiona, koma saizindikira.

Chifukwa chake n'chodziwika kwa ife a ntchitoyi. Diso la munthu limatsata chinthu choyenda. Kamera ikuyenda limodzi ndi Marcus, ndiye inunso mukuthamanga naye, maganizo onse ali kwa mayi wovulala uja kumapeto kwa kolido. Nkhope zotuwa mwaona kale zingapo, choncho ina ikabwera ubongo wanu umangoiika m'gulu lomwelo n'kupitirira. Apa wodula zithunzi amayenda pa ulusi: akaisiya nthawi yaitali pang'ono, chinsinsi chaululika, akaifupikitsa kwambiri, woonera adzati anamubera. Kumbukiraninso kuti mu 1975 anthu ankaonera m'nyumba za kanema, kopanda kubweza m'mbuyo. Wokayika ankayenera kuoneranso filimuyo kachiwiri.

Khutu nalo Argento amaligwiritsa ntchito. Kanyimbo ka ana kamamveka munthu asanaphedwe, ndipo mukakamva kawiri, kachitatu thupi limachita tsemwe lokha. Kenako gulu loyimba la Goblin limabwera ndi magitala ndi ng'oma zaphokoso. Kuphana kwake n'koopsa, si kwa ana, ndipo ululu wake ndi wodziwika kwa tonsefe: madzi otentha, mano kugunda pangodya ya tebulo. Woomberedwa ndi mfuti ndi ochepa, koma wopsa ndi madzi a m'ketulo ndi aliyense.

Zofooka zilipo. Mawu ankawajambula padera pambuyo pake monga ankachitira ku Italy nthawi imeneyo, ndiye milomo ndi mawu nthawi zina sizigwirizana, ndipo nthabwala za pakati pa Marcus ndi mtolankhani Gianna, yemwe mbali yake anasewera Daria Nicolodi, ine ndimaona kuti zimachedwetsa nkhani.

Ophunzira anga akatha kuonera ndimawafunsa kuti aona anthu angati mukolidomo. Pafupifupi onse amati mmodzi. Ndimabweza, n'kuimitsa pakalilole paja, ndipo m'chipinda mumangoti zii. Tikatero timayamba kuwerenga limodzi kuti nkhopeyo yakhala pakanema kwa mafulemu angati, kutanthauza tizithunzi timodzitimodzi tomwe timapanga kanema.