Buligedi ya akasinja: zomwe mbiri ya 7th Armoured Brigade imationetsa

Pa perete maso a anthu amathamangira pa kasinja, ndipo sindiwadzudzula. Chimakina cha matani 62 ngati Challenger 1, chonyamula mzinga wa mamilimita 120, chikamadutsa nthaka imanjenjemera. Koma ife amene tinaphunzira za nkhondo timayang'ana zimene zikubwera m'mbuyo mwake: malole a mafuta, amakaniko, omanga milatho, asilikali oyenda pansi. Izi zonse pamodzi ndizo zimapanga buligedi ya akasinja.

Buligedi ndi gulu la asilikali pafupifupi 3,000 mpaka 5,000, lotsogozedwa ndi Brigediya. Ndilo gulu laling'ono kwambiri limene lingathe kumenya nkhondo palokha kwa masiku angapo, chifukwa lili ndi zonse m'kati mwake. Bataliyoni, gulu la asilikali mazana angapo, imadziwa ntchito imodzi. Buligedi imaphatikiza mabataliyoni a ntchito zosiyana pansi pa lamulo la munthu mmodzi. Kuti izi zimveke, tiyeni titsate buligedi imodzi ya dziko la Britain, 7th Armoured Brigade, imene anthu amaidziwa ndi dzina loti Desert Rats.

Inabadwira ku Egypt mu 1938, m'gulu limene Major-General Percy Hobart ankaliphunzitsa kumenya nkhondo m'chipululu, ndipo dzina la 7th Armoured Brigade inalilandira mu 1940. Chizindikiro chake ndi jerboa, kambewa ka m'chipululu kodumpha ndi miyendo yam'mbuyo. Poyamba, pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, zinthu zinayenda bwino. Pakati pa Disembala 1940 ndi Febuluwale 1941, asilikali a Britain ndi anzawo anagonjetsa ankhondo a Italy ku Egypt ndi Libya, nagwira akaidi pafupifupi 130,000.

Kupambanako kunabisa vuto. Nthawi imeneyo buligedi inali ndi magulu atatu a akasinja okhaokha, pomwe asilikali oyenda pansi ndi mizinga ikuluikulu anali m'gulu lina. Akuluakulu ambiri ankakhulupirira kuti akasinja angathamangire mdani okha monga ankachitira asilikali a pa akavalo kale. Ajeremani a Erwin Rommel sankamenya choncho. Ankabisa mizinga yophwanya akasinja, kuphatikizapo wotchuka uja wa mamilimita 88, kenako akasinja awo n'kumabwerera m'mbuyo ngati akuthawa, kuti owalondola agwere pakamwa pa mizingayo.

Mu Novembala 1941 buligedi inalanda bwalo la ndege la Sidi Rezegh ku Libya. Mabuligedi anzake anali atamwazikira kutali, ndipo pa 21 Novembala magulu awiri a Ajeremani, 15th ndi 21st Panzer Division, anaigwera pamodzi. Mwa akasinja oposa 100 amene inayamba nawo, madzulo a tsikulo ochepa okha ndiwo anali kuyendabe. Anyamata a m'kati mwa akasinjawo sanali amantha. Chinawapha ndi dongosolo lolakwika, ndipo nkhani imeneyi imandipweteka nthawi zonse ndikamaiphunzitsa, chifukwa amene amalemba dongosolo pa tebulo si amene amapsera m'chitsulo. Kuchiyambi kwa 1942 akuluakulu anasintha, nayamba kupatsa buligedi iliyonse asilikali ake oyenda pansi ndi mizinga yake.

Apa ndipo pagona luso lonse. Kasinja, msilikali woyenda pansi ndi mzinga wakutali ali ngati mafuwa atatu: mukachotsa limodzi, mphika ugwa. Kasinja amathamanga ndipo amawombera mwamphamvu, koma anthu anayi otsekeredwa m'kati saona bwino zapafupi. Munthu mmodzi wobisala m'ngalande ndi chida chapaphewa angathe kumuwononga. Woyenda pansi ndiye amafukula munthu wa m'ngalandeyo, koma iye alibe chomuteteza ku zipolopolo. Mizinga yakutali imagonetsa mdani pansi kuti awiriwa ayandikire.

Chaka cha 1942 chinabweretsanso phunziro lina. Mu Febuluwale buligedi inatsika sitima ku Rangoon, ku Burma, ndi akasinja ang'onoang'ono a Stuart, pomwe Ajapani anali pafupi kulanda mzindawo. Kwa miyezi itatu inateteza ankhondo amene ankabwerera ku India. Ajapani ankazemba m'nkhalango n'kukatseka msewu kumbuyo, ndipo akasinja ndiwo ankautsekula. Koma mu Meyi, atafika pa mtsinje wa Chindwin, panalibe mlatho kapena mabwato okwanira kunyamula zitsulo zolemera chotero. Kasinja mmodzi yekha anawoloka. Ena onse eni ake anawawononga ndi manja awo kuti mdani asawagwiritse ntchito, iwo n'kupitiriza ulendo ngati wina aliyense. Dera lomwelo lili m'mbiri yathu: kumapeto kwa 1944 asilikali a Keyala ochokera ku Nyasaland, ali mu 11th East African Division, anatsika chigwa cha Kabaw m'nyengo ya mvula mpaka kufika ku Kalewa pa Chindwin pomwepo.

Nkhondo itatha, buligedi inakhala zaka zambiri ku Germany, kudikira nkhondo ndi Soviet Union imene sinabwere. Mu 1990, Iraq italanda Kuwait, inatumizidwa ku Saudi Arabia pansi pa Brigadier Patrick Cordingley, ndipo mndandanda wake wa nthawi imeneyo ndi chitsanzo chabwino cha kamangidwe ka buligedi. Inali ndi magulu awiri a akasinja a Challenger 1, Royal Scots Dragoon Guards ndi Queen's Royal Irish Hussars. Oyenda pansi anali 1st Battalion, Staffordshire Regiment, okwera magalimoto a zitsulo a Warrior amene amatha kuyenda liwiro limodzi ndi akasinja. Panalinso gulu la mizinga yoyenda yokha ya M109, ndi mainjiniya ochotsa mabomba okwirira pansi. Kumbuyo kunali achipatala, olumikiza mawailesi, ndi malole osawerengeka.

Chofunika kudziwa n'chakuti pomenya nkhondo maguluwa sakhala monga alili pa pepala. Brigediya amatenga kampani (kagulu ka m'bataliyoni) ya oyenda pansi n'kuipereka kwa mkulu wa akasinja, n'kutenganso akasinja ena kuwapereka kwa mkulu wa oyenda pansi, malinga ndi malo. Kuti anthu a ntchito zosiyana amvane pa wailesi usiku, m'fumbi, akuwomberedwa, pamafunika zaka za maphunziro. Mu Febuluwale 1991 zinaoneka: pomenyana ndi Iraq, divishoni ya Britain, gulu lalikulu limene buligediyi inali m'kati mwake, inayenda makilomita pafupifupi 290 m'maola 66, ndipo palibe Challenger ndi mmodzi yemwe amene anawonongedwa ndi mdani. Mu Epulo 2003 buligedi yomweyi inalowa mumzinda wa Basra ndi akasinja a Challenger 2.

Zonsezi zimadya ndalama zoopsa, mtendere ulipo kapena kulibe, pakuti kasinja wongoima amaonongeka ndipo omuyendetsa amaiwala ntchito. Boma la Britain litachepetsa asilikali ake ndi kuwachotsa ku Germany, buligedi inasiya akasinja mu 2014 n'kukhala ya oyenda pansi, ngakhale chizindikiro cha jerboa inachisunga. Patapita zaka 8, nkhondo ya Russia ndi Ukraine inabweza akasinja patsogolo, ndipo m'masabata oyamba a nkhondoyo mu 2022 tinaona mizere ya akasinja a Russia itaima panjira yopita ku Kyiv, yopanda mafuta ndiponso yopanda oyenda pansi oiteteza. Britain tsopano ikukonzanso akasinja 148 okha kuti akhale Challenger 3.