Mmene mahatchi a ku South Africa anagwera m'manja mwa obetchetsa

Mu 1965 boma la South Africa linakhazikitsa lamulo loletsa njuga zamtundu uliwonse, kupatula kubetcha pa mpikisano wa mahatchi. Kwa zaka zoposa makumi atatu, munthu wofuna kuyesa mwayi wake popanda kuopa apolisi ankayenera kupita ku Turffontein mu Johannesburg, ku Greyville mu Durban, ku Kenilworth mu Cape Town, kapena ku ofesi yapafupi ya tote, njira yobetchera imene eni mabwalo ankayendetsa. Makasino ankapezeka m'madera amene boma la tsankho linkati ndi mayiko odziimira paokha a anthu akuda, monga Sun City yomwe inatsegulidwa mu 1979 ku Bophuthatswana. M'mizinda ikuluikulu hatchi ndiye inali mfumu. Ambiri a anthu amene ankadzaza mabwalo aja sankabwera chifukwa chokonda nyamayi ayi, koma chifukwa kunalibe kwina kokataya ndalama, ndipo eni masewerawa anachedwa kwambiri kuzindikira zimenezi.

Kuti nkhaniyi imveke, tiyambe taona mmene ndalama zimayendera. Pa tote, ndalama zonse za obetcha pa mpikisano umodzi zimaikidwa pamodzi. Oyendetsa amatapapo gawo lawo, zotsala n'kugawira amene alosera bwino. Gawo lotapidwalo ndi limene limalipira mphoto za mahatchi opambana, kuthirira ndi kutchetcha udzu wa pabwalo, madokotala a ziweto, ambulansi yotsatira okwera pambuyo, ndi makamera oona ngati wina wachita chinyengo. Mphoto ija ikafika kwa mwini hatchi, amapatsako wophunzitsa ndi wokwera, ndipo wophunzitsayo ndiye amalipira anyamata osamalira mahatchi, aja amadzuka kusanache kukolopa makola, kupesa nyama ndi kuzitulutsa kukathamanga. Tote ikachepa mphamvu, njala imatsika mpaka kwa iwowo.

Wobetchetsa wapayekha amachita zosiyana. Iye amakuuziratu kuti ukapambana ulandira zingati, ndipo phindu ndi lake. Alibe bwalo loti alisamalire, alibe mphoto yoti apereke. Mkangano wonse wa zaka makumi awiri wagona pamenepa: kodi amene amagulitsa mabetcha pa mpikisano umene sanaukonze ayenera kulipira zingati?

Ufulu utabwera mu 1994, lamulo la 1996 linalola makasino m'dziko lonse, ndipo lotale ya dziko inayamba mu 2000. Anthu anapeza kwina kopita. Makalabu akale amene ankayendetsa mabwalo anaphatikizidwa kukhala makampani: kumpoto kunabadwa Phumelela, yomwe inalowa pa msika wa masheya wa Johannesburg mu 2002, pomwe ku KwaZulu-Natal kunali Gold Circle. Maganizo anali akuti masewerawa aziyenda ngati bizinesi. Chimene chinayamba kuyenda msanga ndi kugulitsa malo.

Gosforth Park ku Germiston inatsekedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Newmarket ku Alberton, kumene anthu ankaonera mahatchi usiku pansi pa magetsi, lero ndi malo a masitolo ndi nyumba. Bwalo la ku Bloemfontein linapita, Arlington ku Port Elizabeth inatseka mu 2013. Koma imene inawawa kwambiri ndi Clairwood, kumwera kwa Durban, bwalo lobiriwira lomwe linayamba mu 1921. Gold Circle inaligulitsa pa R430 miliyoni, mpikisano wotsiriza unachitika mu 2014, ndipo pamalopo anamangapo nyumba zosungiramo katundu wopita ndi kuchokera kudoko. Akuluakulu ankati mabwalo anali ochuluka kuposa mahatchi ndi oonera, ndipo sankanama. Komabe ndalama za malo zinkathera kutseka mabowo a chaka ndi chaka. Kunali kukazinga chimanga chambewu.

Nawo makhoti sanathandize. Obetchetsa apayekha anayamba kulandira mabetcha ofanana ndi a tote, n'kumalipira opambana potengera ziwerengero zimene tote yalengeza, koma ndalamazo osalowa m'thumba limodzi lija. Phumelela inati uku n'kukolola posalima, nkhani inafika ku khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko, ndipo mu 2006 kampaniyo inagonja. Chimene chinatsala chinali msonkho. Ku Gauteng, munthu akapambana kwa wobetchetsa pa mahatchi ankadulidwa 6 peresenti, ndipo theka lake linkapita ku Phumelela. Mu 2019 boma la chigawocho linasiya kupereka thekalo. Chaka chomwecho Busisiwe Mkhwebane, yemwe anali mtetezi wa anthu pa nkhani za boma, anatulutsa lipoti lodzudzula mmene chuma cha mabwalo chinasamutsidwira ku kampaniyo poyamba paja. Funso lake linali lomveka ndithu: bwanji msonkho uzipita ku kampani ya eni masheya? Koma palibe amene anali atakonza njira ina yolipirira mphoto ndi udzu.

Apa n'kuti masewerawa atavulala kale. Mu Disembala 2017 kampani ya Steinhoff inagwa chifukwa cha chinyengo cha m'mabuku, ndipo mkulu wake Markus Jooste ndi amene anali mwini mahatchi wamkulu kuposa onse m'dzikomo. Mahatchi ake anagulitsidwa, makola ena anatsala opanda kanthu. Alimi oweta mahatchi nawo anali pa mavuto awo: chifukwa cha matenda a mahatchi ofalitsidwa ndi tizilombo touluka, mayiko a European Union anakhala zaka zoposa khumi osalola hatchi kuchoka ku South Africa molunjika. Hatchi yogulidwa ndi munthu wakunja inkayamba yakakhala miyezi ku Mauritius, ndipo ogula ambiri ankangoti zikomo. Chiletsocho chinachotsedwa mu 2024.

Mliri wa Covid-19 unangomalizitsa. Mipikisano itaimitsidwa, Phumelela inalowa m'ndondomeko yopulumutsa kampani yomwe yatsala pang'ono kugwa mu Meyi 2020. Flamingo Park ku Kimberley, bwalo lamchenga kumene mahatchi osathamanga kwenikweni ankapezako kamphoto, inatsekedwa chaka chomwecho. Amene anaponya chingwe ndi banja la Mary Slack, mwana wa Harry Oppenheimer wa migodi ya dayamondi ndi golide. Kampani yawo inabwereketsa R100 miliyoni kuti mahatchi asaime, kenako kampani yatsopano ya 4Racing, yothandizidwa ndi banja lomwelo, inatenga mabwalo a Turffontein, Vaal ndi Fairview kumapeto kwa 2021. Masewera amene ankafuna kudziimira ngati bizinesi anapulumuka chifukwa cha chifundo cha banja limodzi lolemera.

Kugombe zinthu zinatembenuka modabwitsa. Mu 2022 Hollywoodbets, kampani yobetchetsa ya ku Durban, pamodzi ndi wamalonda Greg Bortz anatenga mabwalo a Kenilworth ndi Durbanville, n'kukweza mphoto ndi kukonzanso nyumba zimene zinali zitatha. Chaka chomwecho dzina la kampaniyo linaikidwa pa Durban July, mpikisano wotchuka kuposa yonse, womwe unayamba mu 1897 ndipo kale unkadziwika ndi mayina a Rothmans ndi Vodacom. Pambuyo pake Hollywoodbets inagulanso Gold Circle, ndiye kuti Greyville ndi Scottsville zinalowa m'khola lomwelo.

Mabwalo otsala ndi asanu ndi awiri, ndipo anayi mwa iwo ali m'manja mwa wobetchetsa, mtundu womwewo wa bizinesi umene eni tote ankalimbana nawo m'makhoti. Ophunzitsa mahatchi ambiri sakudandaula, chifukwa mphoto zakwera ndipo malipiro akubwera. Chodetsa nkhawa n'chakuti ndalama zambiri za makampani obetchetsa masiku ano zimachokera ku mpira ndi timasewera ta njuga ta pa foni, osati ku mahatchi. Palibe lamulo la dziko lonse limene likukakamiza aliyense wogulitsa mabetcha a mahatchi kupereka gawo lokwanira kuyendetsera mabwalo, ndipo chigawo chilichonse chili ndi bungwe lake la njuga ndi misonkho yake. Kenilworth ndi Greyville zikuyenda chifukwa eni Hollywoodbets amakonda mahatchi, ndipo mabwalo atatu a 4Racing anapulumuka ndi thumba la banja limodzi.